Wolawa Mapiritsi a Mphaka wa Mfumu

Kuli dziko lina lotchedwa Tidyeretu. Pa mapu musavutike kulifuna, palibepo. Koma mukadzayenda n'kuona msewu wa tala ukuthera pa geti la nduna, fumbi n'kuyambira pomwepo, mudzadziwe kuti mwafika.

Mfumu ya kumeneko inali Chosamva Wachitatu. Bambo ake sankamva, agogo ake sankamva, ndiye ufumu unkangoyenda m'magazi popanda mkangano. Makutu inali nawo, aakulu ndithu, koma ntchito yawo inali kugwiriza chisoti kuti chisatsikire m'maso. Inkakhala pamwamba pa phiri, m'nyumba ya mpanda wautali imene anthu ankangoti Kumpanda. M'munsi mwa phirilo munali msika wa Tangoonani, kumene anthu ankapita kukaona zinthu zimene anzawo akumtunda amadya. Pafupi ndi msikawo panali chipatala chachikulu cha Bweranimawa.

Mumsikamo munali mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi, dzina lake Nazimbiri, wamfupi, wa pakamwa pakuthwa. Mwamuna wake, a Lufeyo, ankakhoma zidebe ndi mbaula kuseri kwa msika, munthu woseka ndi aliyense. Matenda a shuga ndiwo anawachotsa pa benchi. Anayamba ndi ludzu losamva madzi, kenaka kupita kuseri pafupipafupi, kenaka thalauza linayamba kugwa lokha. Maso anachita chifunga mpaka nyundo inkamenya chala m'malo mwa lata. Pa chala chachikulu cha phazi panatuluka kachilonda kamene kanakana kupola. Nazimbiri ankakatsuka ndi madzi a mchere m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse ankakapeza katakulako.

Ku Bweranimawa anapitako mpaka alonda a pa geti anawaloweza mayina. Anamwino anali aulemu, tisawanamizire. Ankawauza mwaulemu kuti mankhwala a shuga kulibe, n'kuwapatsa mwaulemu mankhwala a mutu. Mutu wa a Lufeyo unali usanapwetekepo chibadwire.

Mankhwalawo kunalibe chifukwa mfumu inali itathetsa matendawo. Inawathetsa ndi pakamwa, pa tsiku la chikondwerero cha chisoti. Inafunsa khamu kuti ndani mwa iwo anathira shuga mu tiyi chaka chimenecho. Palibe anaimika mkono. Ndiye inati munthu amene shuga samuona m'kapu angamupeze bwanji m'magazi? Nduna zinaomba m'manja mpaka mphete kutentha. Nduna ya Zaumoyo, a Zilibwino, anasiya kuitanitsa mankhwala a matenda omwe kulibe, ndipo anthu anapitiriza kufa nawo mwaumbuli, osadziwa kuti anathetsedwa.

Ndiye tsoka linakwera phiri.

Mfumu inali ndi mphaka wake, Chitukuko, wonenepa ngati thumba la fetereza. Ankagona pa pilo wakewake, ankadya makeke, mkaka wotsekemera wa m'chitini ndi nyama yonona, ndipo nduna zinkamugwadira n'kumati a Chitukuko. Amumsika ankati n'zoona Chitukuko alipo m'dziko muno, kungoti satuluka kunja kwa mpanda. Mphaka ameneyu anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe. Anayamba kuwonda m'chiuno, ubweya kuyoyoka, ndipo tsiku lina anakodzera pa kapeti wa m'bwalo la nduna, nyerere n'kubwera mndandanda kudzachita phwando pomwepo, nduna zikuona.

Mbendera inatsitsidwa. Wailesi inasiya nyimbo zovina. Anaitanitsa dokotala wa ziweto kuchokera kutsidya kwa nyanja, mwamuna wamtali wothina mphuno, amene anamuyeza mphakayo n'kunena mosabisa kuti ali ndi shuga.

Aliyense m'bwalomo anayang'ana a Zilibwino, ndipo a Zilibwino anayang'ana nsapato zawo. Koma munthu sakhala nduna zaka zonsezo popanda lilime lotembenuka. Anadzuka n'kufotokoza kuti shuga amene mfumu inathetsa ndi shuga wamba, wa anthu wamba. Uyu ndi wina, wochokera kunja pamodzi ndi makeke, ndipo azitchedwa Shuga wa Ufumu. Bwalo linapuma, mfumu inagwedeza chisoti.

Dokotala anatchula za jakisoni. Nduna ya Chitetezo inalumpha ndi mimba yomwe, niti aliyense wolozetsa singano pa khungu lachifumu ndi woukira boma. Dokotala anapukuta thukuta n'kunena kuti mwamwayi masiku ano kuli mapiritsi opangira amphaka, limodzi m'mawa uliwonse, amene amatulutsira shuga mumkodzo. Anawachenjeza kuti makeke ndi mkaka wa m'chitini zitheretu, ndipo mphakayo akangokana chakudya, kusanza kapena kufooka, asiye kumupatsa mapiritsiwo n'kumuitana iyeyo msanga. Ndege inanyamuka kukatenga mabotolo a mapiritsi. Nduna zingapo zinaperekeza mabotolowo pamodzi ndi akazi awo, poopa kuti angasungulumwe m'njira.

Apa m'pamene panalowa mwambo. Ku Tidyeretu chinthu sichilowa m'kamwa mwachifumu munthu wamba asanachilawe, chifukwa mafumu akumeneko amadziwa bwino mmene anthu awo amawakondera. Pali unduna wakewake wa zimenezi, Unduna wa Pakamwa pa Ufumu, ndipo nduna yake inali a Mwadyanji, bambo wa khosi lopindika katatu. A Mwadyanji anati Chitukuko ndi wa banja lachifumu, choncho piritsi lake lilawidwe. Wina anati wolawayo azingonyambita. A Mwadyanji anakana: piritsi lonyambitidwa ndi mmphawi lingalowe bwanji m'kamwa mwa a Chitukuko? Anagwirizana kuti m'mawa uliwonse muzituluka mapiritsi awiri m'botolo, lina ameze munthu, lina ameze mphaka. Wolawa zakudya za mfumu anati iye analumbirira mbale osati botolo. Ndiye panafunika wolawa watsopano.

Galimoto ya chimkuzamawu inatsika phiri n'kuima pakati pa msika wa Tangoonani. Nazimbiri anamva zonse ali chiweramire pa mulu wa tomato. Atamva kuti piritsi la shuga, m'mawa uliwonse, anawongoka pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva dzina lake patali.

Mnzake wa benchi loyandikana, a Nagama, ogulitsa nyemba, anamuona nkhope n'kudziwa zimene akuganiza. Anamukumbutsa kuti amenewo ndi mankhwala a mphaka, sanapangire munthu, ndipo palibe akudziwa chimene angachite m'mimba mwa bambo wamkulu. Nanga a Lufeyo akayamba kulira pa denga n'kumasaka makoswe?

"Akasake," anatero Nazimbiri. "Makoswe alipo ambiri kwathu. Bola azipuma."

M'mawa mwake anawakweza a Lufeyo pa njinga yobwereka n'kuwakankha mpaka pamwamba pa phiri. Ankaganiza kuti wachenjera yekha. Anapeza mzere wayambira pa geti mpaka kutsetsereka kuseri kwa phiri: azibambo owonda ndi zigubu za madzi m'manja, azimayi omanga nsanza kumapazi, ena owatsogolera ndi ndodo. Onse amene mfumu inawachiritsa ndi pakamwa anali pamenepo, kufuna ntchito yomeza mankhwala a mphaka.

A Mwadyanji atasuzumira pa mpanda, anafuna kukomoka. Nanga akadutsa alendo akunja aziti chiyani? Bwalo linakhalanso mwadzidzidzi ndipo linatulutsa lamulo lakuti wolawa akhale munthu wathanzi, chifukwa wodwala akafa simungadziwe ngati wafa ndi poizoni kapena ndi zakezake. Makina oyezera anali a mphaka yekha, ndiye nduna zinati anthuwo ayezedwe ndi nyerere. Asilikali anasesa malo kuseri kwa mpanda, pafupi ndi chulu. Aliyense ankataya madzi pamenepo, msilikali n'kugwada kudikira. Nyerere zikabwera, munthuyo walephera. Sankanena kuti ali ndi shuga, popeza shuga wamba kulibe. Ankati ndi munthu wokopa nyerere, n'kumuchenjeza kuti asiye khalidwe lochititsa manyazi dziko.

Nyerere za Kumpanda sizinadyepo bwino ngati tsiku limenelo. Mzere wonse unalephera. A Lufeyo atangomaliza, nyerere zinabwera zikuthamanga ngati zamva kuti kukugawidwa chimanga. Msilikali anaseka n'kuwauza kuti mdala, inu ndiye mwaposa onse, tsikani. A Lufeyo anaseka nawo, poti anali otero, koma mtima wa Nazimbiri unawira.

Anafunsa ngati lamulolo likuletsa operekeza odwala. Msilikali anati silinatchule. Nazimbiri anamuuza kuti atembenuke, n'kunjuta pomwepo. Asilikali anadikira, anadikira, nyerere imodzi inafika, inanunkhiza, inabwerera. Panalibenso munthu wina wathanzi amene ankafuna ntchito yomeza chinthu chimene mfumu ikuchikayikira. Nazimbiri anakhala Wolawa Mapiritsi a Ufumu tsiku lomwelo, ndipo anamupatsa mpango wa chithunzi cha mphaka kuti azivala kumutu.

Potsika phiri a Lufeyo anamufunsa kuti nanga iyeyo akameza, iwo apindula chiyani. Nazimbiri anawauza kuti akhale chete agwire chishalo.

Mwambo wolawa unkayenda chonchi. M'mawa wolawa ankalowa m'bwalo chokwawa. A Mwadyanji ankatsegula botolo ng'oma ikulira, n'kuponya piritsi m'dzanja lake ali chapatali, kuopa kumukhudza. Wolawa ankaliika m'kamwa onse akuona, kenaka n'kugwetsa nkhope pansi, chifukwa mmphawi saloledwa kutafuna kapena kumeza akuyang'anana ndi akuluakulu. Ankakhala chomwecho mpaka nduna zikhutire kuti sanafe. Kuyang'ana m'kamwa mwake palibe nduna imene ikanadzitsitsa chotero. Anthu amenewa anali asanaonepo m'kamwa mwa mmphawi ngakhale pamene akuwalirira njala, nanga akanayamba lero? Choncho Nazimbiri, nkhope ili pa kapeti, ankalavulira piritsi lija pa nsonga ya chitenje n'kumanga mfundo ndi mano.

Ali chigwadire ankamva nkhondo yomwetsa mphaka. Chitukuko sankafuna piritsi. Ankamukulunga m'thaulo, nduna ina kugwira miyendo, ina kupempha chilolezo chotsegula kamwa, ina kuimba nyimbo ya fuko kuti mtima wake ukhale pansi. Mphaka ankaluma mano, kulavula, kukanda aliyense amene wayandikira. Mfumu itaona magazi pa dzanja la Nduna ya Misewu, inagwidwa chisoni n'kuipatsa mendulo. Kuyambira pamenepo nduna zinkalimbirana kukandidwa. Ena ankabwera ndi mikono yopindiratu malaya, ena ankadzikanda okha ndi foloko kunyumba. Patapita nthawi wina anaganiza zobisa piritsi m'kachidutswa ka chiwindi, mphaka n'kumeza osadziwa, ndipo nduna zimene zinali zisanalandire mendulo zinamuda munthuyo mpaka lero.

Nazimbiri ankatsika phiri chothamanga, mfundo ili m'manja. Piritsi linkafika litanyowa mbali imodzi, a Lufeyo n'kulimeza ndi madzi a mumtsuko. Kaya anali mankhwalawo, kaya chinali chiyembekezo chabe, iye sankadziwa ndipo sankafuna kudziwa. Chimene ankaona n'chakuti ludzu lija linachepa. Kachilonda kanayamba kuuma m'mbali. Tsiku lina pobwera anamva nyundo ikulira kuseri kwa msika, ndipo anaima pa njira n'kumvetsera ngati mtsikana.

A Lufeyo mphaka uja ankamutcha mnzawo. Nazimbiri akangolowa ankafunsa kuti mnzanga wadzuka bwanji lero, wadya? Akamva kuti wakanda nduna ina, ankati mnzangayo ndi yekhayo wotsutsa boma amene watsala. Koma tsiku lina Nazimbiri atawauza kuti mphaka wayamba kusalala ubweya ndi kudumpha pa mipando, sanaseke. Anaika nyundo pansi.

"Nazimbiri, mnzangayu akachira, ine ndiye ndatha."

"Sachira, abambo. Ndilipo ine."

Kuyambira tsiku limenelo Nazimbiri anali ndi ntchito yovuta kuposa ya nduna zonse: mphaka asafe, komanso asachire. Mfumu inalamula mapemphero a dziko lonse kuti a Chitukuko achire. M'tchalitchi anthu onse ankagwada, apolisi ataima kumbuyo kumvetsera ngati ameni akutuluka mokwanira. Nazimbiri ankagwada nawo, koma lake pemphero linali lina. Ankati Ambuye, inu mumadziwa kusunga munthu pakatikati, osafa, osachira, mwatisunga chotero ife a Tidyeretu zaka zonsezi, chitaninso chimodzimodzi ndi mphakayu.

Sanasiyire Mulungu yekha. Anakumbukira kuti dokotala analetsa zotsekemera. Anasinthanitsa anyezi ndi ufa, anapempha shuga pang'ono kwa mkazi wa wapolisi, n'kukazinga mandasi onona mafuta. Anapita nawo Kumpanda ngati mphatso ya mayi wosauka kwa a Chitukuko. A Mwadyanji analandira mbaleyo ndi manja awiri, anayamikira chikondi cha anthu wamba, n'kulowa nayo m'chipinda chawo. Potuluka milomo inali ikunyezimira. Nazimbiri anabweretsanso zitumbuwa, zinathera momwemo. Anabweretsa mkaka wa m'chitini, chitini anachipeza pa zenera la Nduna ya Zachuma, chitanyambitidwa mpaka m'makona.

Pamenepo m'pamene anazindikira chimene chinkachiritsa mphaka. Bwalo silinathetse makeke a Chitukuko monga ananenera dokotala, chifukwa kumana wachifumu chakudya ndi mlandu. Makeke ankabwerabe tsiku lililonse, mkaka unkabwerabe, koma popeza tsopano panali chifukwa chabwino, nduna zinkadya zonse zisanafike pa pilo. Mphaka ankangotsala ndi kachiwindi kake ndi piritsi. Chiyambire dziko la Tidyeretu, aka kanali koyamba kuti kuba kwa nduna kuchiritse chamoyo.

Mvula itayandikira, dokotala wothina mphuno uja anabweranso. Nazimbiri anali chigwadire pa kapeti, mfundo yake atamanga kale. Anamva bamboyo akutembenuza mphaka, akuyeza mkodzo, akung'ung'udza mokondwa. Kenaka anamva womasulira akunena kuti amphaka ena akasamalidwa bwino matendawa amagona, ndipo a Chitukuko ndi mmodzi wa amwayi amenewo. Mapiritsi asiye.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Nduna zinakumbatirana, mamendulo akugundana. Mfumu inalira misozi. Pakati pa phokosolo palibe anakumbukira kuuza wolawa kuti adzuke, ndipo anakhala nkhope ili pansi mpaka bwalo linatsala pang'ono kutha. Atadzutsa mutu anaona pa tebulo mabotolo osatsegula, ambirimbiri, ataima mndandanda.

Anakwawa mpaka pa mapazi a a Mwadyanji. Pakamwa pake paja, pamene pankathamangitsa okhometsa msonkho mumsika, anapafewetsa ngati phala. Anayamba ndi kuyamika mfumu, kuyamika nduna, kuyamika mphaka. Kenaka anafunsa kuti otsalawo apita kuti. A Mwadyanji anati zimenezo si za iye. Ndiye ulemu unamuthera.

"Bwana Nduna, kunyumba kwanga kuli munthu, osati mphaka, munthu, wodwala matenda omwewa. Ndipatseni botolo limodzi. Enawo chitani nawo zimene mukufuna."

A Mwadyanji anamuyang'ana ngati chidebe chalankhula. Anaitana a Zilibwino kuti adzamve okha. A Zilibwino anamwetulira mokoma mtima, n'kuwerama pang'ono, osati kwambiri.

"Mayi, m'dziko muno munali wodwala shuga mmodzi yekha, ndipo lero wachira. Palibe dziko lina pansi pano limene lachiritsa odwala ake onse. Mukufuna kutiwonongera mbiri ndi botolo limodzi?"

Anamuvula mpango wa chithunzi cha mphaka uja, poti ndi katundu wa boma, n'kumutulutsa pa geti laling'ono la otaya zinyalala.

Za mabotolo bwalo linakambirana mozama. Kupatsa anthu sizikanatheka, chifukwa zotsala za pakamwa pachifumu sizilowa m'mimba wamba popanda mwambo, ndipo mwambo unali utatha. Kusunga kukanatanthauza kuti akuyembekezera kuti a Chitukuko adwalanso, kumene ndi kuwafunira zoipa. Choncho anagwirizana zomanga chipilala cha chigonjetso pakati pa msika wa Tangoonani, chifanizo cha mphaka ataimika mchira, ndipo mabotolowo akwiriridwe pansi pake.

Anachitadi. Anachotsa mabenchi a tomato ndi nyemba kuti papezeke malo. Gulu la malipenga linaimba. Ana asukulu anawaimika padzuwa ndi timbendera. Anthu okopa nyerere aja anabwera onse, ndi zigubu zawo za madzi, n'kuima chete kumbuyo kwa chingwe cha apolisi, akuona mabotolo akutsitsidwa m'dzenje limodzilimodzi, simenti n'kuthiridwa pamwamba. Bambo wina wakhungu anafunsa mnzake kuti akuika chiyani kodi. Mnzakeyo anati akuika ifeyo, kungoti ayamba ndi mankhwala. Nazimbiri ankangoyang'ana makulidwe a simentiyo, n'kuganiza za nyundo ya mwamuna wake, n'kuona apolisi amene anawaika kuti azilondera chipilalacho mpaka kalekale.

A Lufeyo sanachedwe kufookanso. Ludzu linabwerera ngati linangopita kukacheza. Kachilonda kaja kanatseguka, kanada, kanakwera phazi. Ku Bweranimawa anati mwendo ufunika kudula, koma wodula anapita ku maphunziro a kasamalidwe ka ziweto zachifumu, abwere mawa. Nazimbiri anawabweza pa njinga yomweyo. Masiku omaliza a Lufeyo sankafunsanso za mnzawo. Anangopempha kuti zidebe zimene anasiya zosamaliza azipereke kwa eniake, ngakhale zilibe zogwirira. Anamwalira mvula ikugwa, chakumasana, mkazi wawo akuwanyowetsa milomo ndi kansalu. Ku ofesi ya za imfa anati chawapha ndi ukalamba. Anali asanamere imvi.

Pa maliro panabwera anthu ambiri, msika wonse, chifukwa panalibe nyumba yopanda mbaula ya a Lufeyo. Bokosi linatsikira m'manda, adzukulu anagwira makasu, ndipo a Nagama ankatsogolera nyimbo ndi mawu awo aakulu aja. Nyimbo ili pakati, panafika wakabaza, thukuta lili chuchuchu, n'kunong'oneza munthu wa kumapeto. Nong'onong'o anayenda m'khamu ngati moto wa m'udzu. Galu wa mfumukazi wagwa pa khonde. Dokotala wati ndi kuthamanga kwa magazi. Akufuna wolawa.

Nyimbo inayamba kuonda. Akumbuyo anayamba kusowa mmodzimmodzi, ena ngati akupita kuseri, ena osanamizira n'komwe. Mbusa anafupikitsa pemphero, poti nayenso mkazi wake mapazi anatupa kalekale. Adzukulu awiri anasiya makasu ali chiimire m'dothi. A Nagama anapitiriza kuimba okha, koma maso ali kuphiri. Mayi awo anali chigonere m'nyumba, mbali imodzi itafa chifukwa cha matenda omwewo a kuthamanga kwa magazi, ndipo aliyense ankadziwa. Anafika pa mapeto a ndime n'kulephera kuyamba ina. Anayang'ana Nazimbiri mwamanyazi.

Nazimbiri anadzuka pa mphasa, anamanga chitenje m'chiuno, n'kutola khasu limodzi mwa osiyidwa aja.

"Pitani, a Nagama, awa sakuthawa. Koma mukafika mukayambe mwafunsa ngati matenda a galuyo ndi ochizika. Akati ndi ochizika, musavutike kugwada."

A Nagama anavula nsapato n'kuzigwira m'manja kuti athamange bwino. Nazimbiri anayamba kukokera dothi m'manda.